Liwu Limodzi la Bwana Hokinsi

Fairbridge Park, Umtali
15 Juni 1980

Amake Jesca,

Landirani moni wanga, inu ndi ana, mukaperekenso kwa bambo. Ine kuno ndili moyo, kungoti chisanu cha chaka chino chikulowa mpaka m'mafupa. M'mawa mapiri a Bvumba saoneka, nkhungu yokhayokha. Kaya inu mukudzuka bwanji kumeneko ku Ntcheu?

Kalata yanu ndinalandira. Ndakondwa kuti chimanga chalowa bwino m'nkhokwe. Mtedza musathamangire kugulitsa, ogula a mwezi uno ndi akuba. Dikirani mvula iyandikire. Pa zimene ndatumizazi mum'gulire Taison juzi, zotsala mugule mchere ndi sopo.

Mwafunsa za ufulu wa kuno. Nkhondo yatha ndithu. Anyamata amene anali kutchire abwerera, ndipo anthu akuda tikulowa m'masitolo amene kale tinkagulira pawindo. Boma latsopano lakweza malipiro a ife antchito a m'nyumba. Koma ife ochokera ku Malawi tikadali maBhurandaya, monga amatitchulira Ashona. Pa chisangalalo chawo timaomba nawo m'manja titaima kumbuyo.

Pano panyumba zinthu sizili bwino. Bwana Hokinsi, nkhalamba ija ndakhala ndikuiphikira zaka zonsezi, anagwa m'bafa mwezi watha. Adokotala akuti ndi sitiroko. Mbali yonse yakumanja yauma, ndipo mawu amuthawa. Munthu amene ankayendetsa sitima, amene akakalipa ankamveka kutsidya kwa msewu, lero watsala ndi liwu limodzi lokha. Polemba amalemba light, ife timati laiti. Akafuna madzi, laiti. Akafuna kutembenuka, laiti. Ine laiti amene ndimadziwa ndi wa magetsi, ndiye ndimathamanga kukayatsa masana dzuwa likuswa mtengo, iye n'kumandiyang'ana misozi ili lengelenge chifukwa si zimene akufuna.

Mwana wake, Dona Shila, wandipempha kuti tchuthi changa cha Ogasiti chisunthe pang'ono. Ndikudziwa kuti ndinalonjeza kubwera msewu umene nkhondo inatseka ukangotseguka. Pirirani miyezi yochepa.

Mwati miyendo ya bambo yayamba kutupa. Muuzeni mng'ono wanga Kenani awakweze panjinga, apite nawo kuchipatala cha mishoni. Asadikire kuti achite kugwa.

Ndine mwamuna wanu,
Laison Makaiko


Fairbridge Park, Umtali
9 Novembala 1980

Amake Jesca,

Moni nonse pakhomopo. Ine ndili bwino. Mvula yayamba kuno, ndikhulupirira kuti nanunso mwabzala. Kumunda wa kudambo mubzale mbewu ya makolo, ya m'sitolo ija inafumbwa msanga chaka chatha.

Dona Shila ndi mwamuna wake asamukira ku Durban. Azungu ambiri akuchoka, akuti sangalamulidwe ndi makomuredi, anyamata aja anali kutchire. Tsiku lolongedza ndinam'funsa kukhitchini, ndinati, "Dona, nanga bambo anu mukwera nawo sitima iti?" Iye osandiyang'ana, akukulunga makapu m'nyuzipepala, anati, "Adokotala akana, Laison, ulendo ndi wautali. Ife tiyambe tapita laiti, tikapeze nyumba. Khirisimasi ikadutsa ndidzabwera kudzawatenga."

Ndinadabwa mumtima kuti kodi apita ndi nyale? Ndinakafunsa Uladi, Myao wa ku Mangochi amene amagwira m'dimba la nyumba yoyandikana nafe. Anaseka. Anati, "Achimwene, kupita laiti ndiye kuyenda wopepuka, wopanda katundu wambiri." Ndinangoti chabwino. Koma lole itabwera inanyamula filiji, piyano, makama, ngakhale galu anam'khomera bokosi lake. Chimene chinawalemera ndi munthu mmodzi yekha.

Tsopano m'chinyumba chonsechi tatsala awiri, ine ndi mudhara, ndimo amatchulira nkhalamba kuno. Ndachoka ku kanyumba kanga ka kuseri, ndikugona pafupi ndi chitseko chake kuti ndizimumva.

Liwu lake lija ndayamba kulizolowera. Azungu ali ndi supuni ya tiyi, supuni ya supu, supuni ya pudini, koma liwu limodzi amalisenzetsa mitolo ngati bulu. Ife timati nyale, timati moto, kuwala, kuyatsa, kupepuka, chilichonse ndi dzina lake. Iwo zonsezo ndi laiti. Ndiye ndaphunzira kuyang'ana thupi lake osati pakamwa. Akakweza zala ziwiri kukamwa, akufuna moto wa fodya. Akatembenukira kuwindo, nditsegule makatani, dzuwa lilowe. Akakankha bulangeti ndi phazi labwinolo, lamulemera, ndim'funditse lopepuka. Zina zonse ndimachita kuombeza. Nthawi zina ndimaganiza kuti matendawa anam'chitirako chifundo, pom'landa mawu onse anam'siyira lotakata.

Uladi ali ndi m'bale wake amene akupita kumudzi mwezi wamawa. Ndam'patsira bulangeti la bambo ndi nsalu yanu. Akafika mum'patse nkhuku.

Ine wanu,
Laison


Fairbridge Park, Umtali
22 Malichi 1981

Amake Jesca,

Moni kwa inu ndi ana. Thupi langa lili bwino, koma kalata yanu yandikhalitsa pansi.

Mwati bambo sakudzukanso pamphasa, ndipo Kenani amabwera akafuna, sabata imatha osaoneka. Mwati phala mumaphika, Jesca n'kulowetsa m'nyumba mwawo, koma wowasambitsa palibe, chifukwa inu simungagwire thupi la apongozi anu, ndipo Jesca ndi namwali. Kumapeto mwafunsa kuti, kodi mzunguyo alibe ana ake? Ndinawerenga funso limenelo manja anga akununkha sopo wa mudhara.

Dona sanabwere Khirisimasi itadutsa. Pa lamya akuti Pasaka. Ndalama zanga za zaka zonse ndagwira pano akuti zidzatuluka nyumba ikagulidwa, ndipo nyumba singagulidwe muli wodwala. Palinso zina za mapepala anga zimene tidzakamba pamaso.

Lachiwiri lililonse kumabwera namwino, Sisitala Evah, mayi wa Chimanyika, mtundu wa konkuno, wa mtima wabwino. Sabata yatha tikum'nyamula mudhara anati, "Sekuru wanuyu wayamba kukhala laiti kwambiri. Akudya?" Sekuru kuno ndiye agogo. Ndinamuuza kuti nyama ikum'tsamwa. Anati basi, ndizim'patsa chakudya cha laiti, supu, dzira, nthochi zofinya. Ndinaseka ndekha kuti munthu akupepuka, mankhwala ake n'kukhalanso chakudya chopepuka. Koma m'mawa mwake nditam'nyamula kupita naye kubafa, ndinamva ngati ndanyamula mtolo wa mapesi. Ndinakumbuka bambo akundiwolotsa mtsinje wa Livulezi paphewa, madzi ali m'chiuno mwawo. Kodi nawonso afika pamenepa?

Chonde pitani kwa akulu a mpingo, mwina angatumeko mwamuna mmodzi wa chifundo. Kenani mumuuze kuti tonde wanga wa m'khola uja ndi wake ngati aziwasambitsa bambo ndi kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda. N'zochititsa manyazi kulipira mwana kuti asambitse bambo ake, koma ine ndingam'dzudzule ndi pakamwa pati?

Pansi pa mphasa yawo muziyala udzu wouma, muzisintha pafupipafupi. Akakhala ndi mphamvu, awatulutse panja awothere dzuwa. Uyu wa kuno akaona dzuwa amadya.

Muwauze bambo kuti Laison akubwera Pasaka ikangodutsa.

Mwamuna wanu,
Laison


Fairbridge Park, Umtali
16 Ogasiti 1981

Amake Jesca,

Moni. Ndakhala chete miyezi yambiri, pepani. Sindinadwale. Ndinkasowa poyambira.

Dona anabwera mu Juni. Ndinam'dikira amalize kumwa tiyi, ndinati, "Dona, bambo anga ali gone kumudzi. Ndipatseni mwezi umodzi wokha." Anakhala pasitepe ya khitchini n'kuyamba kulira. Anati, "Ndikudziwa, Laison. Kunyumba ya okalamba kulibe malo, ndalembetsa dzina, akuti tidikire. Mwamuna wanga sanapezebe ntchito yokhazikika, tikukhala m'zipinda ziwiri. Ndikawasiya ndi munthu wachilendo, sabata singathe ali moyo." Ndinafuna kufunsa kuti nanga anga, koma ndinangochotsa makapu a tiyi. Anakhala masiku ochepa n'kubwerera. Mudhara atamuona akunyamula chikwama anatseka maso.

Musaganize kuti sindinayese. Loweruka lina m'mawa ndinam'sambitsa, ndinam'dyetsa, ndinaika madzi pafupi ndi dzanja labwinolo, ndinapempha Uladi kuti azisuzumira mpaka Sisitala Evah adzabwere. Ndinatenga sutikesi. Ndili pageti ndinamva mudhara akuitana, laiti, laiti, osati mokalipa, koma ngati mwana amene am'tsekera m'nyumba. Uladi anati, "Pitani, achimwene, musacheuke. Ameneyu si m'bale wanu." Ndinafika mpaka ku Sakubva kokwerera basi. Basi inabwera, inadzaza, inanyamuka, ine ndili chiimire ndi sutikesi. Ina inabweranso, chimodzimodzi.

Nditabwerera ndinam'peza ali pansi, wagwa pakama, chipumi chikuchucha magazi. Uladi anali atatumidwa kutauni ndi abwana ake. Mudhara anali atakwawa ndi mbali imodzi mpaka pachitseko.

Sindikunena kuti ndinachita bwino. Munthuyu ali wamphamvu sanandiitanepo ndi dzina la bambo anga, ankangoti boyi. Koma ukam'dyetsa munthu ndi supuni chaka chathunthu, umadziwa kuti akameza molakwika amachita bwanji, ndipo podziwa zimenezo miyendo imakana kukwera basi. Mwina inu mumvetsa kuposa Uladi.

Ndamva kuti Kenani anatenga tonde. Akubwera koma? Mundilembere zoona, musandibisire. Ngati bambo akulephera kumeza phala, muzilisungunula kwambiri, muziwadzutsa akhale tsonga, muziwapatsa pang'onopang'ono m'mbali mwa kamwa.

Ine,
Laison


Fairbridge Park, Umtali
29 Novembala 1981

Amake Jesca,

Moni ndikupereka, koma za moyo wanga lero musafunse. Telegalamu inandipeza maliro ataikidwa kale. Kalata yanu yafika dzulo.

Mwalemba kuti Kenani atagulitsa tonde anapita ku maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo a mpingo anabwera kawiri basi. Mwati fungo litayamba kufika pabwalo, munatuma ana kumunda, munatseka chitseko, munamanga chitenje n'kuwasambitsa bambo inu nokha, ndipo munatero mpaka tsiku lomaliza. Mwati iwo ankaphimba nkhope ndi nsanza n'kumati, "Mwana wanga, pepani." Mwati tsopano akazi pachitsime akukunenani, akuti munalumpha mwambo, n'chifukwa chake msana ukukupwetekani.

Mverani ine. Msana ukupweteka chifukwa munkanyamula munthu wamkulu popanda wokuthandizani. Ntchito imeneyo ine ndikuidziwa kulemera kwake. Amene ali ndi mawu awasunge, adzanene kwa ine. Bambo anapita ali oyera thupi chifukwa cha inu. Manyazi alipowo si anu, ndi a ana awiri amene anawabereka.

Tsiku la telegalamu ntchito inaima. Mudhara anaitana, ine osapita. Ndinakhala kukhitchini mpaka dzuwa linapendeka, mtima uli bii, ngati iye ndiye wapha bambo. Kenaka ndinalowa kukam'meta ndevu, chifukwa m'mawa ndinali ndisanam'mete. Lumo lili patsaya pake ndinamuuza m'Chichewa kuti, "Bambo anga amwalira, ine ndili pano." Chichewa sachidziwa, koma anaona nkhope yanga. Anandigwira pamkono ndi dzanja labwinolo, mwamphamvu ndithu, n'kunena liwu lake lija motsitsa, kawiri. Sanatembenukire kuwindo, sanakweze zala, sanakankhe bulangeti. Sindikudziwa kuti ameneyo anali laiti uti. Sindinayatse kanthu. Tinangokhala, sopo n'kuuma pankhope pake.

Khasu la bambo ndi nkhwangwa yawo musagawe, mundisungire. Zovala mupatse amene anakumba manda. Za chiliza tidzaona ndikabwera. Kenani akalemba kalata musam'yankhe mokalipa, ndi m'bale wanga ndithu, ndipo iye anawagwirako bambo pomwe ine sindinawagwire.

Pitani kuchipatala akaone msanawo.

Laison


Fairbridge Park, Mutare
9 Meyi 1982

Amake Jesca,

Moni kwa inu, kwa Jesca ndi kwa Taison. Ine ndili bwino. Pa envelopu muzilemba Mutare tsopano, dzina la Umtali alichotsa. Tauni yapatsidwa dzina lake la makolo, koma mapiri ndi omwe aja. Mvula ya chaka chino inangonyenga. Wailesi inkangoti mvula ya laiti, kutanthauza yowaza, ndipo chimanga cha anthu chinauma chisanabereke.

Ndamva kuti msana wafika poti simungathe kusenza mtsuko kapena kuwerama ndi khasu, ndipo Jesca wasiya sukulu kuti azitunga madzi ndi kusinja. Zimenezo ayi. Jesca abwerere kusukulu temu ikubwerayi. Pakali pano pemphani mwana wa achemwali anu azikuthandizani, mudzam'patse thumba la mtedza.

Kalata yanu nditaiwerenga ndinaimba lamya ku Durban. Ndinati, "Dona, mwezi wa Julayi ndikupita kwathu. Mubwere, musabwere, ine ndikupita." Anati, "Laison, nyumba sinagulidwe. Ndalama zako ndilibe pakali pano." Ndinati, "Zikadzapezeka mudzatumize. Mkazi wanga akudwala." Anafunsa kuti akudwala chiyani. Ndinati msana, anathyoka posamalira bambo anga.

Uladi akuti ndapenga. Anati, "Achimwene, mwapirira mpaka maliro akudutsani, lero mukusiya thukuta lanu m'manja mwa munthu wa ku Durban? Dikirani nkhalambayi ife, sichedwa." Ndinati mawu amenewo ndi amene ndinkadziuza chaka chatha, ndipo amene anafa si nkhalambayi.

Sisitala Evah ndiye wandithandiza. Wayenda yekha mpaka wapeza malo kunyumba ya okalamba ya mpingo wina kuno kutauni. Akuti bedi lipezeka kumayambiriro kwa Julayi. Dona wavomera kulipira.

Mudhara ndamuuza m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Anandimva. Masiku awiri anakana kudya. Tsiku lachitatu ndinam'tulutsa pakhonde pa njinga yake ya odwala, ndipo sitima inalira kutali. Anakweza dzanja ngati akukoka chingwe cha wezulo, n'kunena laiti, maso ali kumene kunkachokera kulirako. Sisitala Evah akuti oyendetsa sitima amadikira nyale yobiriwira kuti adutse, ndipo nayonso ndi laiti. Kaya amanena za ulendo wanga, kaya wake, kaya amangokumbuka ntchito. Madzulo ake anadya nthochi ziwiri.

Denga la nyumba yathu musalembe munthu, ndidzafolera ndekha. Ana angoyamba kumweta udzu.

Mwamuna wanu,
Laison


Mutare
11 Julayi 1982

Amake Jesca,

Landirani moni wanga. Ine ndili bwino, ndikugona kwa Uladi masiku ano chifukwa nyumba yatsekedwa. Ndikhulupirira kuti kalatayi ifika ine ndisanafike.

Lachinayi tinam'pititsa mudhara. Ndinam'sambitsa, ndinam'meta, ndinam'veka jekete yake ya ku njanji. Galimoto itabwera ndinakana machira, ndinam'nyamula ndekha. Kumeneko ndi koyera, muli nkhalamba zambiri, azungu ndi akuda ochepa. Ndinapempha kuti bedi lake likhale cha kuwindo, anavomera. Mtsikana amene azim'samalira ndinam'fotokozera za zala, za makatani ndi za bulangeti. Anamvetsera bwino, anati, "Sekuru, musadandaule, nafenso tiphunzira." Ndikhulupirira kuti atero. Inenso pachiyambi ndinkangoyatsa magetsi.

Potsanzika ndinagwada pambali pa bedi, ndinati, "Bwana, ndapita." Ndinadikira. Sananene kanthu, ngakhale liwu lake lija. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinam'konzera pilo n'kutuluka. Sindim'da. Inenso akadandisiya chotero ndikadayang'ana kukhoma.

Dona anatumiza kangachepe, zotsala akuti zidzabwera. Sindiziwerengera. Wandilola kutenga makina osokera a malemu mayi ake, amenewo ndi a Jesca. Ndagulanso nsapato za Taison, ndangoyerekeza phazi, zikakula adzakuliramo.

Ndinyamuka Lachitatu. Ndikwera basi ya ku Harare, kenaka ya ku Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Mwanza. Akuti msewu wa Tete wayamba kuvuta, magalimoto akuyenda masana okha, ndiye ndikachedwa musade nkhawa. Musabwere kusiteji ndi msana umenewo. Njira ya kwathu sindinaiiwale.

Ndikafika ndidzayamba ndaona pamene anagona bambo. Kenaka tidzapita limodzi kuchipatala cha boma, ndikalankhule ndi adokotala ndekha. Ndinabwera kuno ndili mnyamata wofuna njinga ndi malata, ndikubwerera ndi imvi, malata palibe. Chimene ndaphunzira ndi kusamala wodwala: kum'dzutsa osam'pweteka, kum'thowa ndi madzi ofunda, kum'goneka bwino. Ntchito imeneyi ndagwirira mlendo, tsopano ndikagwirire kwathu.

Choncho musadzivute kusesa pabwalo kapena kusinja chifukwa choti kukubwera munthu wa ku ulendo. Mtsuko muusiye pomwe uli. Kuchitsime ndizikapita ine, ndipo akazi aja akafuna kuseka adzaseke ine.

Ndine mwamuna wanu,
Laison Makaiko